Msonkho ndi Mwana wa ku Koleji

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu ku Utale

Komiti inandipempha kuti ndiyankhe funso limene mamembala angapo afunsa, poti ine ndinagwira ntchito yowerengera malipiro kwa zaka zambiri. Funso lake ndi ili: kodi kholo limene likulipirira mwana ku koleji lingapemphe Boma kuti lilichepetsere msonkho?

Yankho ndi lakuti ayi. Lamulo la msonkho la dziko lino silipereka mpata wotere. Bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000, limatolera msonkho wa PAYE poyang'ana malipiro okha, osati kukula kwa banja. Mbeta ndi bambo wa ana asanu, ngati alandira mofanana, amadulidwanso mofanana. Chimene tonse timapeza ndi gawo loyamba la malipiro limene silidulidwa msonkho. Mu 2020 gawolo linakwezedwa kufika pa K100,000 pamwezi, ndipo mu 2024 linafika pa K150,000. Malisiti a fizi sungani ndithu, koma sadzabweza ngakhale tambala imodzi ya msonkho.

Tsono nkhaniyi inachokera kuti? Ambiri anaimva kwa abale okhala ku America. Kumeneko mwana wosakwana zaka 24 amene ali pa sukulu nthawi zonse angalembedwe ngati wodalira makolo, malinga ngati sadzipezera yekha zoposa theka la zosowa zake, ndipo msonkho wa kholo umatsikako. Koma lamulolo limafuna kuti mwanayo akhale nzika ya America, kapena wokhala m'dzikolo, ku Canada kapena ku Mexico. Choncho mbale wathu amene amatumiza fizi ya mwana wa ku Malawi wophunzira ku Zomba sangamulembe. Muwauze zimenezi, angalembe zabodza n'kudziputira mlandu m'dziko la eni.

Kuno kwathu khomo lilipo limodzi, ndipo likhudza inu amene muli pa ntchito m'makampani. Olemba ntchito akakupatsani ndalama ya fizi m'manja, imawerengedwa ngati malipiro ndipo imadulidwa PAYE. Koma akalipira okha ku sukuluko, msonkho wake umakhala wina, wotchedwa fringe benefit tax, ndipo amaulipira ndi iwo, osati inu. Apa lamulo limawerengera theka lokha la fizi. Mwachitsanzo, kampani ikalipira K1,000,000 ku koleji, msonkho wa 30 peresenti umagwera pa K500,000, ndiye kuti kampaniyo ipereka K150,000 ku Boma. Pokambirana za malipiro ndi abwana anu, funsani ngati angavomere njira imeneyi. Kufunsa si mlandu.

Ndikudziwa kuti ambiri muno simuli pa ntchito yolembedwa. Ndinu alimi a thonje ndi chimanga m'mbali mwa Rivirivi, ena mumachita geni pa Balaka, ena mumadalira ana amene ali ku Joni. Kwa inu chithandizo chenicheni ndi ngongole ya ophunzira. Kuyambira mu 2015 ngongoleyi imaperekedwa ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board kwa ana osowa amene apeza malo m'makoleji ovomerezeka. Dzina la mwana likangotuluka, yambani kutsata za mafomu, chifukwa ali ndi tsiku lotsekera. Ndipo mwanayo mumuuze poyera kuti iyi ndi ngongole, si mphatso. Akayamba ntchito abweze, kuti mng'ono wake adzapezenso.

Komabe ngongole siikwanira zonse. Pali thiransipoti yochokera kuno kupita ku Mzuzu kapena ku Bunda, pali lendi kwa amene sanapeze malo ogona pa koleji, pali chakudya, sopo ndi mapepala. Zing'onozing'onozi ndi zimene zimabweza mwana wanzeru kumudzi chaka chachiwiri, makolo atagulitsa kale mbuzi zonse.

N'chifukwa chake ndikupempha msonkhano uno zinthu ziwiri. Choyamba, tikhazikitse thumba lothandizira ana a sukulu yathu amene asankhidwa kupita ku koleji, aliyense aziponyamo monga angathere pamwezi, ndipo msungichuma aziwerenga lipoti lake pamaso pa tonse chaka ndi chaka. Chachiwiri, tisankhe anthu atatu odziwa zolembalemba oti azithandiza makolo kudzaza mafomu a ngongole nthawi isanathe.

Kholo lililonse lipange bajeti yake podziwa kuti msonkho sudzatsika chifukwa cha mwana wa ku koleji. Kumene tingachepetse katunduyu ndi muno, pakati pathu. Mutu umodzi susenza denga.