MLENDO WA MIYENDO INAYI



Pamene a Mlembi anandilembera kalata yondipempha kuti ndidzayankhule pa msonkhano uno, anali kuyembekeza kuti ndidzanena za ulimi kapena za moyo wa munthu wopuma pa ntchito. Pepani a Mlembi, ine ndabwera ndi nkhani ya mphaka. Musaseke msanga, pakuti nkhani imeneyi inatisowetsa tulo masiku 10 chifukwa cha moyo wa mdzukulu wanga, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu muli ndi amphaka kwanu olondera chimanga kuti makoswe asachithe.

Ine ndimakhala kuno ku Chiradzulu, cha kufupi ndi Njuli. Nonse mukukumbukira zimene zinatigwera m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula usana ndi usiku kwa masiku angapo. Madzi, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri, ndipo mudzi wa Ntauchira unakokoloka pamodzi ndi abale athu ambiri. Kwathu nyumba inapulumuka, koma khitchini linagwa. Patapita sabata imodzi, ndikuchotsa njerwa pamenepo, ndinamva kulira kwa mphaka. Anali wamkazi, wamng'ono, wonyowa, nthiti zonse zili pamtunda. Kumene anachokera palibe anadziwa. Masiku amenewo ziweto zambiri zinali kuyendayenda chifukwa eni ake anali m'misasa, ena atatisiya.

Tsono ife tinali nawo kale amphaka awiri: Kambuku, wamwamuna wamkulu amene wakhala nafe zaka zambiri, ndi Bonya, wamkazi wofatsa. Mayi a kunyumba anandiyang'ana nati, "Bambo, tili nawo kale awiri, ndipo ndiwo zikuvuta. Wachitatuyu adya chiyani?" Mnansi wathu wina anafika mpaka pondichenjeza kuti mphaka wobwera yekha ndi wotumidwa, natchulanso dzina la gogo wina wa m'mudzi mwathu. Ndinamuyankha kuti mphakayo wamutuma ndi njala, ndipo ndinamukumbutsa kuti lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mulandu umene mawu otere amabweretsa pa okalamba athu mumaudziwa.

Kumulandira mphakayo sikunali kulakwa. Kulakwa kwanga kunali kufulumira. Tsiku lomwelo ndinamulowetsa m'nyumba, ndi kumuikira mbale ya nsima ndi usipa pafupi ndi mbale ya anzake, poganiza kuti mphaka ndi mphaka, adziwana okha. Kambuku atangomuona anapinda msana, ubweya unaimirira, ndipo nkhondo inabuka pansi pa tebulo. Mdzukulu wanga wa zaka 7 anathamanga kukaleretsa. Mlendoyo, chifukwa cha mantha, anamukala pa mkono ndi kumuluma pa chala.

Bala lake linali laling'ono, koma mtima wanga unagunda chifukwa ndinakumbukira chiwewe. Ambiri timayesa kuti chiwewe ndi matenda a agalu okha. Zoonadi anthu ochuluka kwambiri amachitenga kwa agalu, koma mphaka nayenso amachitenga akalumidwa ndi nyama yodwala, ndipo amachipatsira kudzera m'malovu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo ana ndiwo amagwidwa kwambiri. Choopsa chake n'chakuti zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Mphaka uyu sindinali kudziwa kumene anagona, kapena chimene chinamuluma m'tchire.

Tinatsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, monga amalangizira a zaumoyo, ndipo tsiku lomwelo tinapita naye mwana ku chipatala. Anamubaya katemera, natiuza masiku obwereranso, ndipo sitinaphonye ngakhale limodzi. Katemera ameneyu si wa lero: Louis Pasteur wa ku France anamuyesa koyamba pa munthu m'chaka cha 1885, pa mnyamata wotchedwa Joseph Meister amene analumidwa ndi galu, ndipo mnyamatayo anapulumuka.

Pobwerera ndinadzera kwa alangizi a ziweto. Mayi a kunyumba anali atanena kale kuti mphakayo aphedwe. Koma alangizi anati, "Ayi bambo, musamuphe ndipo musamuthamangitse. Mutsekereni pa yekha masiku 10, muzimupatsa chakudya ndi madzi. Ngati anali ndi chiwewe m'malovu tsiku limene analuma, adwala kapena kufa masikuwo asanathe. Akakhalabe bwino, mtima wanu ukhale pansi." Tinamutsekera m'kachipinda kosungiramo makasu, ndi beseni lakale la mchenga loti azichitiramo chimbudzi. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira pa zenera mtima uli m'mwamba. Tsiku la 10 linakwana iye akudya bwino, akudzinyambita, nthiti zitayamba kubisika. Ana anamutcha dzina loti Namondwe.

Anzanga, safunsa anadya phula. Zimene ndinayenera kuchita poyamba ndinazichita pomaliza, ndipo ndikufuna ndikusiyireni mwadongosolo kuti inu musapunthwe pamene ndinapunthwa ine.

Choyamba, mphaka wachilendo asakhudzane ndi amphaka anu, kapena ndi ana, kwa masabata awiri. Kupatula chiwewe, akhoza kubwera ndi utitiri, njoka za m'mimba, zipere zimene zimagwiranso ana, ndi matenda ena a amphaka okhaokha amene amapatsirana polumana. Akhale ndi mbale yakeyake, ndipo musambe m'manja mukamugwira.

Chachiwiri, muonetseni kwa alangizi a ziweto kuti alandire katemera wa chiwewe ndi mankhwala a njoka. Amphaka anu akale alandirenso. Ine ndinachita manyazi kuvomera kuti Kambuku ndi Bonya anali asanabayidwepo chibadwire, chonsecho katemera anafika kale m'boma lathu lino. Bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito ku Blantyre m'chaka cha 2015, pamene linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha, ndipo pambuyo pake ntchitoyo inafalikira ku Zomba ndi kuno ku Chiradzulu. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, matendawa amasiya kuyenda m'deralo. Ndikuchenjezeninso kuti musamupatse mphaka Panado, chifukwa amamupha, ndipo musamuwaze mankhwala othira m'chimanga kapena mankhwala a utitiri opangira agalu.

Chachitatu, ganizirani za kuswana. Mphaka wamkazi akhoza kutenga bere ali ndi miyezi 5 kapena 6 yokha, bere lake limatha miyezi iwiri ndi masiku ochepa, ndipo akhoza kuswa kawiri kapena katatu pa chaka. Atatu a lero ndi khamu la mawa, ndipo ana amene timakataya kutchire ndiwo amasanduka amphaka oyendayenda. Namondwe tinapita naye ku Blantyre kwa madokotala a ziweto, ali m'katoni yoboola, akulira njira yonse mpaka anthu a m'minibasi anayamba kundiyang'ana mokayikira. Anamuchita opaleshoni yotseka, ndipo nkhani ya ana inathera pomwepo.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene pafunika kudekha, adziwitseni pang'onopang'ono. Mphaka amadziwa mnzake ndi fungo. Mukamuona akudzikhula tsaya pa mwendo wa mpando kapena pa mwendo wanu, ndiye kuti akusiya fungo lake ponena kuti pano ndi pake. Mlendo wa fungo lachilendo amaoneka ngati wobwera kudzalanda malo. Choncho tinatenga kansalu kamene Namondwe ankagonapo n'kukaika pogona Kambuku ndi Bonya, ndipo ka iwo tinakapititsa kwa iye. Kenaka tinayamba kuwapatsa chakudya nthawi imodzi, iye mkati, iwo kunja, chitseko chili chotseka pakati pawo. Patapita masiku tinatsegula chitseko pang'ono kuti azionana. Akayamba kulusirana tinkatsekanso, osawamenya, n'kudzayesanso mawa lake. Akagwirana musaikepo dzanja. Ombani m'manja kapena aponyereni chiguduli. Kuona maso a nkhono n'kudekha: zonsezi zinatitengera mwezi wathunthu.

Sindikunamizani kuti onse atatu anasanduka abwenzi. Bonya ndi Namondwe amagona pamodzi pa thumba limodzi. Kambuku mpaka lero amadyera payekha, ndipo Namondwe akamuyandikira amangodzuka n'kuchoka mwaulemu wa munthu wamkulu. Mbale ndi zitatu, zotalikirana, ndipo ndewu inatha. Mayi a kunyumba, amene anafuna kuti aphedwe, ndiwo amamusungira mitu ya usipa, chifukwa chikhalire Namondwe sitinapezenso thumba la chimanga loboola. Mdzukulu wanga ali bwino, ndipo kachipsera ka pa chala amakaonetsa kwa anzake monyadira.

Ndisanakhale pansi, ndikukumbutseni tsiku limene aliyense wa ife anafika pa sukulu yathu kudzayamba Fomu 1, sutukesi ili pamutu, osadziwa pogona kapena podyera. Amene tinawapeza anatiyang'ana monga mmene Kambuku anayang'anira Namondwe. Koma panapezeka mmodzi amene anatisonyeza bedi ndi kutiuza nthawi ya belu, ndipo ena mwa amene anatiopseza sabata yoyamba ndi amene takhala nawo pa benchi imodzi lero. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wosowa pokhala akafika pa khomo panu, wa miyendo inayi kapena iwiri, musamupirikitse, komanso musaiwale kuteteza amene muli nawo kale.

Pempho langa ndi limodzi. Pa 28 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za chiwewe. Tsiku limenelo lisanafike, aliyense wa ife afunse alangizi a ziweto a kwawo za katemera, ndipo apite ndi galu wake pamodzi ndi mphaka yemwe.