Tisathawe munthu wovulala pamsewu chifukwa choopa magazi



Tonsefe timaudziwa msewu wa M12, wochokera ku Lilongwe kudzera pa Kamwendo mpaka kuchipata cha Mwami. Mathiraki opita ku Chipata, maminibasi, akabaza a njinga zamoto ndi zakapalasa, onsewa amalimbirana tala yemweyo. Ndiye ngozi sizisowa.

Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza mnyamata wakabaza atagundidwa, magazi ali chuchuchu pamwendo. Anthu tinalipo ambiri, koma tinangomuzungulira. Wina anati, "Musamugwire, mwina ali nako." Kunena zoona, inenso ndinaopa. Amene anagwada pansi anali mayi wogulitsa tomato. Anavala majumbo m'manja, anapinda chitenje chawo n'kukanikiza pabalapo mpaka galimoto inapezeka. Ine wa kalabu ya Edzi ndinangoima ngati chitsa. Manyazi ake mpaka lero.

Anzanga, kachirombo ka HIV sikalowa pakhungu labwinobwino. Kuti kalowe, magaziwo ayenera kufika pachilonda, pamene mwachekeka, m'maso kapena m'kamwa. Choncho chofunika ndi kutchinga manja. Magolovesi ndiwo abwino, koma akasowa valani jumbo yosabooka, awiri ngati alipo. Ndipo musamayang'ane nkhope kuti uyu ali nako, uyu alibe. Magazi a aliyense, kaya ndi a mbale wanu, agwireni mosamala chimodzimodzi, chifukwa mumadutsanso matenda a chiwindi a Hepatitis B.

Musanafike kwa wovulalayo, tumani anzanu akayale nthambi pamsewu mbali zonse ziwiri, chapatali ndithu, kuti galimoto ina isakuwombeni nonse. Wina aimbire apolisi ndi kufunafuna galimoto.

Tsopano magazi. Tengani nsalu yoyera, ipindeni, kanikizani pabalapo mwamphamvu kwa mphindi 10 osasuzumira. Ikanyowa musaichotse, sanjikizani ina pamwamba. Ngati munthuyo akulankhula ndipo ali ndi mphamvu, muuzeni akanikize yekha. Galasi kapena chitsulo chikabaya n'kutsala m'thupi, osachizula ayi, kanikizani m'mbali mwake. Dothi, mchere, masamba otafuna, zonsezo pabala ndi kuwonjezera matenda basi.

Chimene timalakwitsa kwambiri kumudzi kuno ndi kunyamula. Timagwira munthu miyendo ndi manja, mutu uli lendelende, n'kumuponya pa pikapu. Ngati wathyoka khosi kapena msana, kunyamula kotereku kungamupuwalitse moyo wake wonse. Munthu akamadandaula khosi, kapena akuti miyendo sakuimva, mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ndipo chipewa cha njinga yamoto musachivule ngati akupuma bwino. Musunthireni pambali pokhapokha pali moto kapena ali pakati pa msewu. Ponyamula khalani anthu angapo, mumugoneke pathabwa kapena pachitseko, thupi lili chiwongokere. Wokomoka koma akupuma, mutembenuzeni mosamala agonere m'mbali kuti masanzi asamutsamwe. Madzi kapena Fanta musamupatse ngakhale apemphe, mwina akufunika opaleshoni.

Mukamaliza, vulani majumbowo mowatembenuza, sambani m'manja ndi sopo. Nanga magazi akakulowani m'maso kapena pachilonda? Tsukani ndi madzi ambiri, kenako thamangirani kuchipatala cha boma cha Mchinji kapena china chapafupi mukafunse PEP. Awa ndi mankhwala oteteza kuti kachirombo kasakhazikike m'thupi. Amayamba akuyezani magazi, ndipo muyenera kuyamba kumwa pasanathe maola 72, makamaka tsiku lomwelo, n'kumwa masiku 28 osadumphitsa. Anzathu amene ali ndi kachirombo, nanunso mungathandize wovulala popanda vuto, mungotchinga manja monga wina aliyense.

A wapampando, pempho langa ndi ili: pa ndalama za m'thumba la kalabu tigule bokosi limodzi la magolovesi, aliyense aziyenda ndi awiri, ndipo tilembe kalata ku bungwe la Malawi Red Cross Society yopempha kuti adzatiphunzitse chithandizo choyamba ndi manja, osati pakamwa pokha monga ndachitira ine lero.