Amisiri Ojambula ndi Kuŵala: Mazenera a ku Chartres

Omvera ambiri amadziŵa galasi ngati chinthu chotchinga mphepo ndi fumbi basi. Koma m'dziko la France, mu mzinda wa Chartres, kumwera chakumadzulo kwa Paris, muli tchalitchi chachikulu chimene anthu amachiyendera maulendo aatali kuti akangoona mazenera ake.

M'chaka cha 1194 moto unanyeketsa mbali yaikulu ya tchalitchicho. Eni mzinda anachimanganso, ndipo pasanathe zaka 50 amisiri anali atachiveka mazenera amitundumitundu oposa 170. Ambiri mwa mazenerawo alipobe lero lino.

Kodi galasi lotere ankalipanga bwanji? Mmonke wina wotchedwa Theophilus, amene analemba buku la zaumisiri zaka za m'ma 1100 zitangoyamba, anafotokoza kuti mmisiri ankasakaniza miyeso iŵiri ya phulusa la mtengo wa beech ndi muyeso umodzi wa mchenga, nazisungunula m'ng'anjo. Kenaka ankatapa phala lamotolo ndi chitoliro chachitsulo, nkuliuzira mpweya mpaka litafufuma, nkuling'amba ndi kuliyala kuti likhale lathyathyathya.

Chinsinsi chagona apa: mtundu sankaupaka pamwamba ngati utoto wa pakhoma ai. Unkaloŵa m'galasi momwemo lili pamoto. Mwala wa cobalt unkapereka mtundu wa thambo, umene watchukitsa Chartres. Mkuwa unkapereka kufiira, koma kufiirako kunali kovuta zedi. Galasi lofiira lokhalokha linkada bii, osalola dzuŵa kupyola, kotero amisiri anaphunzira kuyala kufiirako mopyapyala pamodzi ndi galasi loyera.

Chithunzi ankachijambula pa thabwa lopakidwa choko. Chidutswa chilichonse ankachidula pochikhudza ndi chitsulo chamoto, nkumabenthula m'mbali pang'onopang'ono mpaka chitafanana ndi malo ake. Dzanja likangolemera, ntchito ya tsiku lonse inkathera pansi. Maso, tsitsi ndi makwinya a zovala okha ndiwo ankalembedwa ndi utoto wakuda wosakaniza ndi galasi lopera, ndipo chidutswacho chinkabwereranso kumoto kuti utotowo ukanirire. Pomaliza ankalumikiza zidutswazo ndi timizere ta mtovu tokhala ndi ngalande uku ndi uku.

Nthaŵi yonseyi zenera linali chigonere pa thabwa, lakuda, losasangalatsa maso. Mmisiri ankasankha mitundu poganizira dzuŵa limene linali lisanapyolemo, ndiponso munthu amene adzaime pansi kutali, khosi lili chagada. Ubwino kapena kulakwa kwa ntchito yake kunkaoneka poyera zenera litakwezedwa kale pakhoma.

Maina a amisiriwo sanasungidwe. Komabe m'munsi mwa mazenera ambiri muli zithunzi za anthu wamba ali pa ntchito zao: ophika buledi akukanda ufa, osoka nsapato, opala matabwa, ogulitsa nyama ndi osema miyala. Munthu wosadziŵa kuŵerenga ankatha kutsata nkhani ya Nowa, nkuonanso ntchito ya manja ake pa zenera lomwelo.

Mu 1939, nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itayandikira, akuluakulu anaopa kuti bomba limodzi likhoza kuphwanya ntchito ya zaka 700. Mazenera anatsitsidwa chigawo ndi chigawo, naikidwa m'mabokosi. Ena anabisidwa m'zipinda za pansi pa tchalitchi, ena anatengedwa kupita kutali kumwera. Nkhondo itatha, amisiri a magalasi anawatsuka, nakonza mtovu umene unali utafooka, nabwezera chigawo chilichonse pa malo ake akale.