Aneneri a Malaya





M'chinenero chathu muli liwu limodzi limene timalimva pa malo awiri. M'tchalitchi timamva za mneneri Yesaya, mneneri Amosi, mneneri Yeremiya. Pa nthawi ya nkhani, wailesi yomweyi imatiuza za mneneri wa apolisi, mneneri wa unduna, mneneri wa kampani yakutiyakuti. Liwu ndi lomwelo, ndipo tanthauzo lake silitalikirana kwenikweni: mneneri ndi munthu wonenera wina, wosenza mawu a amene adamtuma ndi kuwatula kwa anthu. Lero ndifuna kuti tilingalire za aneneri a mtundu umodzi, amene ambiri a ife sitidawaonepo, koma mawu awo amalowa mpaka m'zipinda zathu zogona. Ndikunena anthu amene ntchito yawo ndi kumanga ndi kusamala mbiri ya makampani akuluakulu a zovala.

Poyamba timvetse ntchito yawoyo. Wotsatsa malonda amagula tsamba la nyuzipepala kapena mphindi za pa wailesi, ndipo aliyense amadziwa kuti walipira kuti atame katundu wake. Womanga mbiri sachita choncho. Iye amakonza zinthu kuti ena atame katunduyo ndi pakamwa pawo. Amaitana atolankhani ku chionetsero cha zovala ndi kuwakhazika pa mipando ya kutsogolo. Amabwereketsa diresi kwa mayi wotchuka wa m'mafilimu kuti akavale pa mwambo umene udzajambulidwa. Amatumiza mphatso za malaya ndi nsapato kwa achinyamata amene ali ndi owatsatira ambiri pa Facebook, Instagram kapena TikTok. Tsono ife tikaona chithunzi timangoti, "Taonani zimene wavala uje!" osadziwa kuti alipo amene adakonza zonsezo.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Mu 1858 telala wina wochokera ku England, Charles Frederick Worth, adatsegula nyumba yosokera zovala mu mzinda wa Paris. Iye adatchuka ndi chizolowezi chosokerera kansalu ka dzina lake m'kati mwa chovala, ndipo atayamba kuveka Eugénie, mkazi wa mfumu Napoleon III, amayi olemera a maiko ambiri adathamangira kwa iye. Kuyambira pamenepo anthu adaphunzira kugula zinthu ziwiri pa mtengo umodzi: nsalu ndi dzina. Kawirikawiri dzinalo ndilo limadula kuposa nsalu.

Sindikuti ntchito yomanga mbiri ndi tchimo ayi. Mu 1940 asilikali a Germany atalanda Paris, atolankhani a ku America sadathenso kupita kumeneko kukaona mafashoni atsopano. Mu 1943 mayi wina wa ku New York, Eleanor Lambert, adasonkhanitsa atolankhaniwo kuti kwa sabata imodzi aone zovala za amisiri a m'dziko lawo lomwe, amene kale ankanyozedwa. Amisiriwo adadziwika, ndipo ambiri adapeza ntchito. Mwambo umenewo ndiwo udabala chionetsero chachikulu cha ku New York, chimene chimachitika kawiri pa chaka, monganso ku London, Milan ndi Paris. Kuonetsa poyera luso limene lidabisika ndi ntchito yabwino. Ngakhale telala wa pa khonde la sitolo amafuna wina womutchula bwino, kuti makina ake asachite dzimbiri.

Koma imvani nkhani ina ya mu mzinda womwewo. Kampani ya fodya wa Lucky Strike idapeza kuti amayi ambiri sankakonda paketi yake yobiriwira, poti mtunduwo sunkagwirizana ndi zovala zawo. Eni kampani adakana kusintha paketi. Tsono katswiri wawo wa zomanga mbiri, Edward Bernays, adaganiza zosintha amayiwo. Mu 1934 adakonzetsa dansi yaikulu yothandiza osowa ku hotela ya Waldorf-Astoria, kumene amayi olemekezeka adapemphedwa kuvala zobiriwira. Olemba za fashoni adaitanidwa ku chakudya, masitolo adaika zobiriwira pa mawindo, nyuzipepala zidalemba kuti mtundu wa chaka chimenecho ndi wobiriwira. Dzina la kampani ya fodya silidatchulidwe. Amayi ankayesa kuti asankha okha, pamene adawasankhira ndi munthu wofuna kuti asute. Apa ndiye pagona vuto: mneneri wabisa amene wamtuma.

Malembo Oyera amawadziwa aneneri otere. Kumbukirani mfumu Ahabu pamene ankafuna kupita ku nkhondo. Adasonkhanitsa aneneri ngati 400, ndipo onse adamuuza zokomera khutu lake. Mikaya yekha ndiye adanena zoona, ngakhale wamthenga wa mfumu adamunong'oneza kuti avomerezane ndi anzake. Malipiro a Mikaya adali khofi la pa tsaya ndi ndende. Koma Ahabu adafera ku nkhondo konko, ndipo mawu okoma a anthu 400 aja sadaletse muvi. Mneneri woona amaopa Mulungu, wonama amaopa mwini thumba la ndalama.

Dzina likasanduka fano, munthu amalipereka nsembe zodabwitsa. Mu 2018 zidadziwika kuti kampani ya Burberry ya ku London idaononga m'chaka chimodzi katundu wosagulidwa wa mapaundi 28.6 miliyoni: zovala, zikwama ndi mafuta onunkhira. Makampani otere amaopa kuti katundu wawo akagulidwa motchipa, dzina lidzatsika. Anthu atadandaula kwambiri, kampaniyo idalengeza chaka chomwecho kuti yaleka mchitidwe umenewu. Taganizani, inu amayi amene mudagonekapo mwana pa mphasa mwezi wa Juni wopanda chofunda: malaya atsopano kutenthedwa kuti dzina lisazizidwe!

Koma nsembe yoopsa koposa ndi ya anthu. Ku Savar, pafupi ndi mzinda wa Dhaka m'dziko la Bangladesh, kudali nyumba ya nsanjika 8 yotchedwa Rana Plaza. M'menemo mudali mafakitale 5 osokera masitolo a ku Ulaya ndi ku America. Pa 23 Epulo 2013 makoma adaonetsa ming'alu. Banki ndi masitolo a pansi adatsekedwa, koma osoka zovala adalamulidwa kubwerera pa makina m'mawa mwake, ena ataopsezedwa kuti akakana sadzalandira malipiro. Pa 24 Epulo, nthawi isanakwane 9 koloko m'mawa, nyumba idagwa. Anthu 1,134 adafa, ndipo ena pafupifupi 2,500 adavulala. Ambiri adali amayi ndi atsikana. Pa nthawiyo malipiro otsikitsitsa a wosoka zovala m'dzikomo adali mataka 3,000 pa mwezi, ndiye kuti ngati madola 38. Pa 1 Meyi, tsiku la Yosefe Woyera Mmisiri, malemu Papa Francis adatchula malipiro otere dzina lake lenileni pa ulaliki wawo: ukapolo.

Nanga aneneri a malaya adati chiyani? Makampani ena adavomera msanga kuti ankasoketsa kumeneko, nayamba kuthandiza ofedwa. Ena adayamba ndi kukana, mpaka timaina tawo ndi mapepala awo zitapezeka m'zigumukire. Thumba la chipepeso, limene lidafunika kukwana madola 30 miliyoni, lidadzadza mu Juni 2015, patapita zaka ziwiri amasiye akudikira. Akuluakulu adati mlandu suola. Nsalu yokongola ingaphimbe chilonda, koma fungo limatuluka ndithu.

Komabe choonadi chitanenedwa, chidabala zipatso. Mu Meyi 2013 padasainidwa pangano la chitetezo cha m'mafakitale a ku Bangladesh, lomanga mwalamulo, ndipo makampani oposa 200 adalowamo. Mafakitale oposa 1,600 adayenderedwa, makomo othawira moto adatsegulidwa, makoma adalimbitsidwa. Ku Britain amayi awiri odziwa ntchito ya zovala, Carry Somers ndi Orsola de Castro, adayambitsa gulu la Fashion Revolution, lolimbikitsa ogula kufunsa makampani kuti adasoka chovala chawo ndani. Zida zomwe zija zofalitsira mbiri, zithunzi ndi nyuzipepala, zidatumikira osauka. Mpeni ndi umodzi, wosenda nawo mbatata ndi wolasa nawo mnzake ndiwo asiyana.

Mwina wina ati, "Bambo mfumu, zimenezi ndi za kutali, ife timavala za pa kaunjika." Mbale wanga, madzulo ano tembenuzani kolala ya shati yanu muwerenge kansalu kali pamenepo. Nthawi zambiri mudzapeza dzina la Bangladesh, China, Vietnam, India kapena Cambodia. Shatiyo idasokedwa ndi manja a munthu wa ana ake, idatamandidwa m'masitolo a ku Ulaya, idavalidwa kanthawi, fashoni itasintha idatayidwa, kenaka idafika m'belo pa msika wa kwanu. Mneneri Amosi adadzudzula anthu a nthawi yake amene ankayerekeza mtengo wa mmphawi ndi mtengo wa nsapato. Tikamavala, tisaiwale kuti mlongo wathu wosadziwika uja ali m'misoko ya malaya athu.

Ndiponso mawu a aneneriwa afika kale m'mafoni a ana athu. Mtsikana amaona mnzake wa pa intaneti akusintha zovala tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti zambiri ndi zopatsidwa kapena zobwereka, ndipo kuti ku America ndi ku Britain malamulo amachita kukakamiza anthu otere kuulula akalipidwa. Iye amadziyang'ana, nadziona wachabe. Apo mpamene pamayambira katapila, kuba ndalama za fizi, ndi zibwenzi za azibambo a ndalama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono ndikupempheni zinthu zitatu.

Inu makolo, phunzitsani ana anu mafunso awiri pa chilichonse chimene akuona ndi kumva: akunena zimenezi ndani, ndipo wamtuma ndani? Mwana wodziwa mafunso amenewa sagulidwa ndi chithunzi. Muwauzenso, mwa mawu ndi mwa chitsanzo, kuti kuvala mwaukhondo ndi mokongola ndi kwabwino, koma ulemu wa munthu sulembedwa pa kolala. Ndipo mukasoketsa kwa telala wa kwanu, mlipireni mokwanira ndi pa nthawi yake.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, pophunzitsa lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama, fotokozani kuti bodza silikhala m'mawu okha. Kubisa dala choonadi chimene mnzako ayenera kuchidziwa ndi bodzanso. Onetsetsaninso kuti pasakhale mkhristu wojomba Misa ya Khrisimasi kapena ya Pasaka chifukwa alibe chovala chatsopano, kapena banja lozengereza ukwati woyera poopa mtengo wa diresi ndi suti. Nsalu ya bungwe ikhale chizindikiro cha umodzi, isasanduke mpanda wotsekera amphawi kunja.

Inu achinyamata amene mukuphunzira utolankhani ndi ntchito zofalitsa nkhani, ena mwa inu mudzakhala aneneri a makampani, a mabanki ndi a maunduna. Ntchitoyo ndi yolemekezeka, igwireni mwaluso. Tamani chimene chili chotamandika. Koma lidzafika tsiku limene khoma lidzaonetsa mng'alu, ndipo bwana adzakuuzani kuti mukanene kuti zonse zili bwino. Tsiku limenelo mneneri wokhulupirika amayamba wauza bwana wake zoona m'chipinda, asanatuluke kukayankhula kwa anthu. Mwina mudzalandira khofi la Mikaya. Limbani mtima, pakuti mbiri yomangidwa pa bodza imagwa pamodzi ndi nyumba yake, ndipo imaphera anthu osalakwa.

Tiyeni tipemphere. Ambuye Mulungu, Inu amene mudaveka makolo athu oyamba pamene adachita manyazi, kumbukirani onse osoka zovala pa dziko lapansi, ndipo mulandire mu mtendere wanu amene adafera pa makina awo. Yeretsani milomo ya onse onenera anzawo, kuti akonde choonadi kuposa malipiro. Ife tonse mutisungire choyera chovala cha ubatizo wathu, mpaka tsiku limene tidzaima pamaso panu. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.