Khutba ya Jumu'a: Maganizo Akamabalalika, Tifunse Kuti Zinayamba Liti



Pakati pathu alipo amene maganizo awo sakhazikika: pa swala amaiwala rakaa imene afika, pogulitsa usipa amasokoneza chenji, ku madrasa mwana samaliza chimene wapatsidwa. Timafulumira kuweruza kuti ndi ulesi kapena kuchepa kwa imani. Komatu madokotala amadziwa matenda awiri obweretsa vutoli, ndipo funso loyamba powasiyanitsa ndi lakuti: zinayamba liti?

Oyamba amatchedwa ADHD. Zizindikiro zake zimayamba mwana asanakwane zaka 12, zimakhala miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo zimaoneka kunyumba ndi kusukulu komwe. Mwanayo amataya zinthu, salola mnzake kumaliza kulankhula, sakhala phee. Ambiri amakula nazo. Chimwemwe ali nacho. Chimene chimamuvuta ndi kusunga maganizo pamalo amodzi. Sizichokera m'malezedwe oipa, ndipo chikwapu sichichiza.

Achiwiri ndi matenda a kukhumudwa. Apa munthu anali bwino, kenako wasintha. Kwa masabata 2 kapena kuposerapo mtima umalemera tsiku ndi tsiku, zimene ankakonda sizimukomeranso, tulo ndi kadyedwe zimasokonekera, amadziona wopanda pake. Ena amadwala matenda onse awiri pamodzi.

Ife a m'mbali mwa nyanja tikumbukirenso kuti kuchepa kwa magazi, kumene likodzo ndi malungo zimabweretsa, komanso kuchezera usiku panyanja, zimafooketsa maganizo. Choncho tipite kuchipatala tikayezedwe, tisadzigamule tokha. Chipatala cha boma chimatha kutumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso St John of God. Mankhwala a kukhumudwa, monga fluoxetine, amatenga masabata angapo kuti mphamvu yake ioneke, tisawasiye panjira.

Kunyumba tichite ntchito imodzi pa nthawi imodzi, yaikulu tiidule zidutswa, zofunika tizilembe, foni tiiike patali, tigone nthawi yake. Mwana timuuze chinthu chimodzi, tikumuyang'ana m'maso, ndipo akachita bwino timuyamikire.

M'bale akanena zodzipha, tisamuseke ndipo tisamusiye yekha. Tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Duwa tichite, chithandizo tifunefune. Allah achiritse odwala athu ndi kutipatsa mitima yachifundo. Amin.