MAWU A WAPAMPANDO PA NKHANI YA MSONKHO WA OLEMERA

Funso limene ndaimirira nalo pamaso panu ndi ili: kodi nkoyenera kuti wolemera akhome msonkho woposa wa mmphawi?

Tiyambe takumbuka makolo athu. M'zaka za m'ma 1890 Boma la Atsamunda linaika msonkho wa nyumba, umene sunasuzumire m'khola kapena m'nkhokwe. Mwini ng'ombe ndi wopanda ngakhale nkhuku ankapereka mashilingi ofanana, ndipo wosowa ndalama ankakalima m'minda ya Azungu. Chimenechi chinali chimodzi cha zowawa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe m'chaka cha 1915. Pamenepo tiphunzira kuti kufanana sindiko chilungamo, pakuti mwana ndi munthu wamkulu sitiwasenzetsa mtolo umodzi.

M'chaka cha 2020 Boma linachotsa msonkho pa malipiro osapitirira K100,000 pa mwezi, ndipo mu 2021 linalamula kuti pa malipiro opitirira K6 miliyoni lizitengapo K40 pa K100 iliyonse yapamwambayo. Njira yake ndiyo imeneyo. Koma msonkho wa VAT ukali ndi khalidwe lakale lija, pakuti mayi wa ku Mgona pogula m'sitolo apereka chimodzimodzi ndi bwana wa ku Area 10, ngakhale kuti mayiyo atulutsa ya ndiwo.

Wina adzati, chumachi ndinachikhetsera thukuta ndekha. Inde, thukuta tililemekeza. Koma galimoto lake liyenda pa msewu wa tonse, ndipo antchito ake ndiwo aja a ku Area 25 amene alawirira ku Kanengo m'bandakucha. Wopindula kwambiri ndi dziko ayenera kulibwezera kwambiri.

Komatu, abale anga, msonkho ukhala wolungama pokhapokha ukabwerera kwa anthu. Sitinaiwale kuba kwa ndalama za Boma ku Capital Hill mu 2013, kapena kolera wa 2022 ndi 2023 amene anatitengera abale m'makomboni osowa madzi abwino. Chotero ndipempha bungwe lathu lilembere makhansala ndi aphungu athu, kuti atiuze poyera kumene ipita ndalama ya tikiti imene amayi athu apereka pamsika tsiku ndi tsiku.