Fodya ndinamusiya chifukwa anzanga anandigwira mkono

Mau amene mnzathu wina analankhula pa msonkhano wa magulu a omvera wailesi kuno ku Angónia. Tawalemba monga momwe anawanenera.

Andipempha kuti ndifotokozeko za kusiya fodya. Ine sindine dotolo iai, sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu. Ndine mlimi ngati inu nomwe, ndipo ambiri mukudziwa kuti fodyayo ndimalima ndithu. Ndiye wina akuseka chamumtima kuti mlimi wa fodya atiuza chiyani. Sekani, koma mundimvere kaye.

Kusuta ndinayamba ndili ndi zaka 14, kubusa ng'ombe. Tinkaba masamba m'chigafa mwa atsibweni n'kumapichira m'pepala la kope. Tinkati ndicho chikulu. Pamene ndimakwatira n'kuti ndikusuta chingambwe m'mawa ndisanasukusule, ndikatha kudya, kumunda, mpaka usiku pogona. Ndikapita ku Ulóngue tsiku la msika ndimagulanso ndudu za m'sitolo kuti ndioneke bwino pa anzanga. Anthu ena amasiya fodya chifukwa cha ndalama. Kwa ife alimi nkhani imeneyo siigwira kwenikweni, chifukwa tsamba lili pakhomo pomwepo, laulele. Ndiye vuto lathu limenelo.

Chimene chinandigwedeza ine ndi mwana. M'chaka cha 2022, nyengo yozizira ija ya June, mwana wathu wotsiriza anadwala chifuwa katatu konse. Usiku ankapuma ngati akuliza mluzu. Ulendo wachitatu tinapita naye tonse awiri ku posto. Anamwino atamupima anafunsa kuti, "Kodi pakhomo pali wina amene amasuta?" Mai a kunyumba anangoyang'ana pansi. Sanafune kundiyalutsa. Ine ndinayankha ndekha kuti ndine. Anamwino aja sanandikalipire. Anangondiuza kuti utsi umene ndimatulutsa m'nyumba chitseko chili chitsekere, mwanayo amaupuma pamodzi ndi ine, ndipo umabweretsa chibayo, mphumu ndi matenda a m'makutu kwa ana. Pobwerera njira yonse sindinalankhule.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayesa kusiya katatu, ndipo katatu konseko ndinalephera. Koyamba ndinatha masiku awiri. Kachiwiri masiku anayi, ndipo ndinakalipira banja lonse popanda chifukwa mpaka ana kumandithawa. Kachitatu ndinakwanitsa sabata yathunthu, kenako pa bawo mnzanga anandipatsira kachidutswa, ine n'kulandira. Tsono mvetsani apa. Maulendo onse atatuwa sindinauze munthu aliyense, ngakhale mai a kunyumba. Ndinkati ndikalephera pasakhale wondiseka. Koma poti panalibe wodziwa kuti ndasiya, panalibenso wondifunsa nditayambiranso. Ndinkagwa ndekha, n'kukhala pomwepo.

Pa 31 May chaka chilichonse ndi tsiku loganizira kuipa kwa fodya pa dziko lonse. Mu 2023 gulu lathu linamvera limodzi pulogalamu ya tsiku limeneli. Tinamva kuti bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu opitirira 7 miliyoni pachaka, ndipo opitirira 1 miliyoni mwa iwowa ndi anthu osasuta, ongopuma utsi wa anzawo. Tinamvanso kuti wosuta sachedwa kudwala chifuwa chachikulu, khansa ya m'mapapo ndi matenda a mtima. Pulogalamu itatha a pulezidenti anafunsa kuti osuta m'gulu muno ndi angati. Tinakweza manja anthu anayi. Sindidziwa chimene chinandiimiritsa, koma ndinaimirira n'kunena kuti, "Ine kuyambira mawa ndasiya, ndipo ndikupempha mundithandize chifukwa ndekha zandikanika katatu." Ena anaseka, ena anaomba m'manja. Mau anali atatuluka basi, kubweza kunalibe.

Pa gululo panali bambo wina wachikulire amene anasiya fodya kalekale atadwala chifuwa chachikulu. Anandikokera pambali nati, "Mwana wanga, kungoti mundithandize sikokwanira. Aliyense umuuze ntchito yake." Malangizo amenewa ndi amene ndabwera nawo kwa inu lero.

Mai a kunyumba ndinawauza usiku womwewo kuti masiku akubwerawa ndikhala wolusa, ndipo asaganize kuti ndi iwo andilakwira. Iwo anati, "Bambo, ukali wa sabata ziwiri ndipirira, kusiyana ndi kugona kuchipatala ndi mwana." Ntchito yawo inali yondikazingira chimanga ndi mtedza. M'mawa uliwonse ankandiikira m'thumba momwe munkakhala fodya ndi machesi muja. Dzanja likapita m'thumba mwachizolowezi limakapeza chimanga.

Alamu anga ndinawapempha za kuchigafa. Mukudziwa kuti mwezi wa June timakhala tikusankha fodya ndi kudinda mabelo. Tangoganizani munthu wasiya kusuta dzulo, lero tsiku lonse manja ali pa tsamba, fungo lili m'mphuno. Alamu anavomera kuti tizigwira limodzi, tsiku lina kwanga, tsiku lina kwao, kuti ndisakhale ndekha ndi tsamba. Iwo sasuta. Akaona ndangoti duu kuyang'ana tsamba lofiira bwino, amangoti, "Alamu, tiyeni tikamwe madzi."

Bambo wachikulire uja ntchito yake inali ya foni. Anati chibaba chikandigwira ndingowabipa, iwo aimba. Sabata yoyamba ndinawabipa mwina kasanu ndi kawiri, kamodzi pakati pa usiku. Sankandilalikira iai. Timangocheza za mitengo ya feteleza ndi za mpira, pomaliza n'kundifunsa kuti, "Chapita?" Ndipo chimakhala chitapitadi. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti chibaba sichikhala tsiku lonse. Chimabwera mwamphamvu, n'kutha patapita mphindi zochepa, ngati mvula yamkuntho. Nkhani ndi kupeza chochita pa mphindi zimenezozo.

Anzanga a pa bawo ndinawauza kuti asandipatsirenso. Ambiri anamva. Mmodzi yekha ndiye ankandiuzira utsi kumaso dala, amvekere, "Tione ngati ufike Loweruka." Ndinaleka kupita pa bawo mwezi wathunthu, ndipo kachasu ndinayamba ndamupumira, chifukwa ndinaona kuti ndikalawa pang'ono pokha pakamwa pamafuna fodya. Si onse amene adzakondwere kuti mwasiya. Ena zimawapweteka chifukwa iwo zikuwakanika.

Mwana wanga wamkazi woyamba anadzipatsa yekha ntchito. Anatenga botolo, ndipo madzulo alionse amandifunsa kuti, "Ababa, lero mwasuta?" Ndikati iai amaponyamo njere imodzi ya chimanga. Lamulungu lililonse tikatha kumvera wailesi, gulu limandifunsa kuti njere zafika zingati. Abale, kunamiza akuluakulu n'kotheka, koma kunamiza mwana wako akukuyang'ana m'maso ndi njere m'manja, ine zinandikanika.

Musaganize kuti zinali zophweka. Masiku atatu oyamba mutu unkawawa, tulo osabwera, mtima kumangopsa ndi nkhuku yomwe. A APE a m'mudzi mwathu anandifotokozera kuti m'fodya muli mankhwala otchedwa nikotini, amene amafika ku ubongo m'masekondi ochepa munthu akangokoka utsi. Thupi likazolowera limawafuna ngati chakudya. Anati sabata yoyamba ndiyo yowawitsa, ndipo pakatha sabata zitatu kapena zinayi thupi limayamba kukhazikika. Zinachitikadi choncho. Kudziwa kuti mavutowo ali ndi polekezera kunandilimbitsa mtima. Chifuwa chinayamba chachuluka, makhololo kumatuluka, ndipo anandiuza kuti ndi mapapo akudziyeretsa. Koma anatinso chifuwa chikapitirira sabata ziwiri, kapena ukamatuluka thukuta usiku ndi kuonda, usanene kuti ndi fodya chabe, pita ukapimitse makhololo.

Tsono ndinene chimene ena amabisa. Njere zitafika 41 ndinagwa. Kunali maliro m'mudzi, ndipo ine ndinali m'gulu la adzukulu. Tinachezera usiku wonse pa moto, kuzizira kwa July mukukudziwa, m'mawa n'kukakumba manda. Chingambwe chinkangozungulira. Chitafika pa ine ndinakoka. Tsiku limenelo ndinasuta katatu. Madzulo mwana anabwera ndi botolo lake. Ndinamuuza zoona. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti, "Ndiye nditaye zonsezi?" Ine ndinati taya, palibe chimene ndachita.

Mwamwayi mai ake anamuletsa, n'kutuma mwana kukaitana bambo wachikulire uja. Atafika anati, "Njerezi sizitayidwa. Masiku 41 amenewa unawapirira ndiwe, palibe angakulande. Lero lokha ndilo lisalowe m'botolo. Kodi ngolo ikagwa m'dzenje, umabwerera nayo kunyumba kuti ukayambirenso ulendo? Umaitulutsa n'kupitirira." Anandiuzanso kuti iwo anagwa kawiri asanasiyiretu. Lamulungu ndinakanena ku gulu. Ndinkayembekeza kusekedwa, koma amai ena anangoti, "Mwachita bwino kunena. Mawa muponye njere." Chikhala kuti tsiku limenelo ananditonza, bwenzi lero ndikusuta. Kuchokera pa maliro amenewo mpaka lero sindinakhudzenso. Ndikapita kumaliro ndimakhala pafupi ndi alamu anga, chimanga chili m'thumba.

Zimene ndapindula ndi izi. Nsima ndimaimva kukoma. Njinga ndimakwera nayo chitunda chimene kale ndinkatsika n'kumakankha. Mwana uja chifuwa chimamugwirabe nthawi zina monga ana onse, koma zogona naye kuchipatala zinatha. Anamwino anandiuzanso kuti munthu akatha chaka osasuta, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi amene akusutabe.

Pa anthu anayi tinakweza manja tija, awiri tinasiya. Mmodzi akuyesabe, amagwa n'kudzuka. Wachinayi anabwerera ndipo akuti sanakonzeke. Sitinamuthamangitse m'gulu, sitimunyoza. Timangomupempha kuti akafuna kusuta apite panja, kutali ndi ana. Tsiku limene adzanene kuti wakonzeka adzatipeza.

Wina afunsa kuti nanga bwanji ukulimabe. Zoona, ndikulimabe, chifukwa ndi kumene ndimapeza ndalama ya feteleza ndi makope a ana. Munda wa fodya ndinauchepetsa, mbali ina ndinaikako soya ndi mbatata ya kachewere. Ana anga sindiwalola kuthyola fodya, makamaka wa mame, chifukwa nikotini uja amalowanso pakhungu, mwana n'kumasanza ndi kumva chizungulire.

Pomaliza ndili ndi mapempho atatu. Loyamba kwa inu osuta: sankhani tsiku, mulinene pa anthu, ndipo aliyense mumuuze chimene akuchitireni. Amai amene mumafwenkha fodya wa m'mphuno kapena kuika pansi pa lilime, nkhaniyi ndi yanunso, nikotini wake ndi yemweyo. Lachiwiri kwa inu osasuta: mnzanu akati wasiya, musamuyese, musamutonze akagwa. Mufunseni kuti lero zayenda bwanji. Lachitatu kwa tonse: tileke kutuma ana kukagula ndudu kapena kukatiyatsira pa moto. Lamulo la dziko lathu la Mozambique la chaka cha 2007 limaletsa kugulitsa fodya kwa ana osakwana zaka 18 ndi kusuta m'malo otsekeka a anthu ambiri monga m'chipatala, m'sukulu ndi m'chapa. Koma lamulo silingalowe m'nyumba mwanu usiku. M'menemo ndi ife eni ake.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ngati m'gulu lanu muli wina wofuna kusiya, uzani a ku wailesi atitumizire uthenga. Ine ndi bambo wachikulire uja tidzabwera pa njinga kudzacheza naye. Botolo apeze yekha, chimanga tili nacho.